Poloti ndi yanga, nanga akhonsolo akundivutitsiranji?

Sabata ino pa imelo ndalandira funso kwa bambo ena omwe agula poloti mkati mwa tauni ya Limbe. Akufuna kumanga mashopu, koma owajambulira pulani awauza kuti kukhonsolo sikadutsa pokhapokha nyumbayo ikhale yosanja, asiye mpata kutsogolo, komanso aonetse poimika magalimoto ndi kolowera madzi amvula. Ndiye akuti, "malo ndi anga, ndalama ndi zanga, zonsezi nzachani?"

Achimwene, ndakumvani, simenti yakwera ndipo mita iliyonse ya poloti mtauni ndi ndalama. Koma lamulo lilipo, Physical Planning Act ya 2016 yomwe inalowa mmalo mwa lakale la 1988, ndipo mumzinda simungangoyamba kukumba faundeshoni opanda chilolezo. Anthu aku Blantyre akukumbukanso za nyenyezi yofiira ija akhonsolo ankapaka pa nyumba zakutha kuti eni ake akonze kapena agwetse. Nkhani ya maonekedwe a tauni siyalero.

Zosanjazo nzosavuta kumva, malo apakati pa tauni ndi ochepa ndiye sizoona kuti pomwe pali kale msewu wa tala, mapaipi ndi magetsi pangokhala kashopu kamodzi kapansi. Koma ine chomwe chimandikhudza kwambiri ndi chapansipo, pomwe nyumba yanu ikukumana ndi munthu oyenda pansi. Tayendani mu Limbe momwemo mvula ikugwa. Mashopu akale aja ali ndi makhonde otakata, munthu umayenda pansi pa denga kuchoka shopu iyi kufika inayo osanyowa, telala ali pamakina ake pakona, mayi wamwana kumbuyo wausa pompo kudikira kuti ikate. Kenako mufike pomwe wina wamanga mpaka mmphepete mwenimweni mwa msewu, kapena wazunguliza mpanda wa njerwa ndi waya waminga pamwamba. Anthu onse amatsikira mumsewu kukalimbana ndi maminibasi ndi akabaza, ndipo kukada pamalo potero palibe amafuna kudutsapo. Nchifukwa chake malangizo abwino amafuna zitseko ndi mawindo ziyang'ane kumsewu, khonde likhalepo, magalimoto aziima kumbuyo kapena pansi pa nyumba osati pomwe anthu amayenda. Polowera paikidwenso potsetsereka, munthu wa njinga ya aulumali asamachite kunyamulidwa pamasitepe kuti akagule shuga.

Za madzi musazitenge mwachibwana chonde. Blantyre ndi wamapiri, madzi amathamanga, ndipo tonse tinaona zomwe namondwe wa Freddy anachita mu March 2023. Mukathira konkire poloti yonse ndikutseka ngalande, madzi adenga lanu akathera mushopu ya neba wakumunsi, katundu wake yense nkuonongeka.

Akhonsolo nawo ali ndi mbali yawo, mapulani asamagone mmaofesi miyezimiyezi ndipo lamulo ligwire aliyense mofanana, chifukwa munthu amakhumudwa akaona mnzake wamanga pamwamba pa ngalande koma osamukhudza. Apo kudandaula kwanu nkomveka ndithu.

Musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, tenganani ndi okujambulirani aja mupite ku ofesi yoona za mapulani ku Civic Centre, likulu la khonsolo ya mzinda wa Blantyre, mukafunse kuti dera lanulo analiika la chani, nyumba itsale mamita angati kuchoka mumsewu, komanso isanjike kangati. Zomwe akakuuzenizo apempheni akulembereni pa pepala.