Kamtsinje ka ku Reykjavík kali pansi pa phula

Mayi wina amene akuphunzira ku Iceland wandilembera imelo. Akuti anaona chithunzi chakale cha Reykjavík, likulu la dzikolo, chili ndi kamtsinje pakati pa tauni, ndiye akufunsa komwe kali kuti akakaone.

Achemwali, apa mwandiputa.

Kamtsinjeko ndi Lækurinn. Kankatuluka m'dziwe la Tjörnin, lomwe madzi ake amachokera kudambo la Vatnsmýri, n'kuyenda kamtunda kochepa chakumpoto kukathira m'nyanja m'munsi mwa chitunda cha Arnarhóll. Nyanja ikadzaza, madzi amchere ankabwerera cham'mbuyo mpaka kukalowa m'dziwemo. Kutsidya lakum'mawa kunali ndende ya m'ma 1760, yomwe lero ndi ofesi ya nduna yaikulu, komanso sukulu yomwe inatsegulidwa mu 1846. Reykjavík inakhala tauni mu 1786, ndipo anthu atachuluka, madzi otsukira mbale ndi zonyansa zina ankangotayira momwemo. Fungo litawakwana, cha m'ma 1911 anakakwirira, msewu wa Lækjargata n'kufutukuka pamwamba pake.

Ine ndinakulira ku Ndirande, m'mbali mwa mtsinje wa Nasolo. Amayi ankachapa pamwala, ife tikusaka nkhanu ndi mbululu mpaka zala kuchita makwinya. Tinkakwapulidwa chifukwa chobwera titanyowa, mawa lake tili komweko. Lero mukapita mupezamo majumbo, matewera, mabotolo, madzi akuda bii. Tsiku lina pamaliro msuweni wanga anati, "Angoikamo mapaipi n'kutseka, ngati mmene amachitira azungu." Tinakangana mpaka nsima kuzizira, azakhali n'kutidzudzula kuti pasiwa sipochitira ndale. Iye amagulitsa simenti, ndiye mwina n'chifukwa chake, koma zimenezo tizisiye.

Poyamba ndinkangomutsutsa chifukwa ndi msuweni. Pano ndikukana ndithu. Kukwirira mtsinje n'kuphimba chilonda ndi nsalu yochapa bwino. Anthu a ku Reykjavík sindiwanyoza, nthawi imeneyo matauni ambiri a ku Ulaya ankatero, London inakwiriranso mtsinje wa Fleet. Koma amene anadetsa madzi anali anthu, chilango n'kugwera kamtsinje. Ana a mumzindamo amakula akuwoloka msewu umene uli ndi dzina la kamtsinje komwe sanakaonepo. Ife amene tidakali ndi mitsinje yoonekera, ngakhale yonunkha, tikufuna kuthamangira zomwezo? Ayi. Tichotse zinyalala, osati mtsinje.

Nanga mukaona chiyani?

Madzi oyenda simukawaona, achemwali. Yambirani kumpoto kwa Tjörnin, komwe ana amadyetsa abakha, mutsate Lækjargata mpaka pabwalo la Lækjartorg, kenako mukwere Arnarhóll pomwe pali chipilala cha Ingólfur Arnarson, yemwe amati ndiye anayamba kukhazikika pamalopo. Mukatero mwayenda njira yonse ya kamtsinjeko. Ngati mukufuna mtsinje weniweni, kwerani basi mupite ku Elliðaár, chakum'mawa kwa mzinda, komwe nsomba za salmon zimakwerabe m'chilimwe. Mutenge jekete, mphepo yake siyocheza.