Kodi kukankhira giya pa N (nyutulo) potsetsereka kumapulumutsa mafuta?

Owerenga wina wanditumizira imelo. Ali ndi BMW ya injini ya masilinda 6 yokhala ndi turbo, giyabokosi yake ndi ya otomatiki ya magiya 8. Funso lake mwachidule ndi ili: "Galimoto yangayi imamwa mafuta koopsa. Mnzanga wandiuza kuti ndikafika pamtsetse kapena ndikamayandikira maloboti ndizikankhira giya pa N kuti injini ipumeko. Ndayesa, ndipo muvi wa ma rev (woonetsa liwiro la kuzungulira kwa injini) ukutsikadi mpaka 700. Kodi ndikupulumutsadi mafuta? Nanga giyabokosi sindikuiwononga?"

Achimwene, zikomo polemba. Siyani giya pa D. Komabe mnzanuyo sanangoipeka nkhaniyi, ndipo pali malo amodzi pamene akunena zoona, ndiye tiyeni tiione bwinobwino.

Langizo limeneli linachokera ku nthawi ya kabyuleta, chipangizo chosakaniza mafuta ndi mpweya m'galimoto zakale. Kabyuleta inalibe nzeru: injini ikamazungulira n'kumakoka mpweya, mafuta ankatsatira mpweyawo, kaya mwaponda moto kaya simunaponde. Kutsitsa ma rev kunalidi kuchepetsa mafuta. Galimoto zina zakale, monga Saab 96 ndi Rover P4, zinkachita kubwera ndi chipangizo cha freewheel, cholola matayala kuthamanga okha injini ikungolira pang'onopang'ono. Amene anaphunzira kuyendetsa nthawi imeneyo anaphunzitsa ana awo, anawo n'kuphunzitsa anzawo, ndipo langizolo lakhalitsa kuposa galimoto zimene linkagwirako ntchito.

Yanuyo ilibe kabyuleta. Mafuta amapopedwa ndi ma injector, ndipo amene amalamula kuti apope kapena asapope ndi kompyuta ya injini. Mukachotsa phazi pamoto galimoto ili m'giya, injini itatentha kale, ma rev ali pamwamba pa 1,200 kapena 1,500 malinga ndi mtundu wa galimoto, kompyutayo imatseka ma injector onse. Sikuti imangochepetsa ayi, imatsekeratu. Injini imapitiriza kuzungulira chifukwa matayala ndiwo akuizunguza kudzera mu giyabokosi, ndipo alternator, pampu ya oyilo ndi AC zikugwira ntchito ndi mphamvu ya mtsetsewo. Muvi ukhoza kukhala pa 2,000 koma osawotcha ngakhale dontho la petulo.

Mukakankhira pa N mwadula mgwirizano wa matayala ndi injini. Palibenso choizunguza, choncho kuti isazime kompyuta iyenera kuyambiranso kuipatsa mafuta. Apa ndi pamene muvi wa ma rev ukukupusitsani: 700 ya pa N ikumwa, pamene 2,000 ya pa D sikumwa. Injini ya kukula ngati yanuyo ikamangolira osayenda imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola, kuposerapo ngati AC ili yoyatsa.

Musangokhulupirira ine. Sinthani kachikwangwani ka pa dashibodi kuti kazionetsa mafuta amene mukuwotcha nthawi yomweyo, osati avareji. Pa msewu wowongoka wopanda anthu, fikani pa 80 km/h n'kuchotsa phazi pamoto giya ili pa D. Pakangotha sekondi imodzi kapena ziwiri nambala ija igwa mpaka 0.0. Mukatchera khutu mumva kulira kwa injini kwasintha pang'ono, ndipo thupi lanu limva galimoto ikukokedwa kumbuyo mofatsa. Liwiro likatsika kwambiri mumva kakugwedezeka kakang'ono, ndiko kuti ma injector atsegukanso. Pa N nambalayo singafike pa ziro: lita imodzi pa ola mukuyenda 60 km/h ndi malita pafupifupi 1.7 pa makilomita 100 aliwonse.

Tsopano mbali ya mnzanu uja. Kukokedwa kumbuyo kumene ndatchulako si kwaulere. Injini yozunguzidwa ndi matayala ikulimbana ndi mpweya umene ikukoka pakhomo lotsekeka komanso kukhulana kwa zitsulo zake, ndipo zonsezo zikudya liwiro lanu. Liwirolo munaligula ndi petulo. Ngati muli pamalo oti simukufuna kuchepetsa liwiro, monga mtsetse wosatsetsereka kwambiri umene kutsogolo kwake kuli chitunda, galimoto yomasuka kwa injini ikafika patali musanapondenso moto. Pamenepo timafuta ta kulira kwa injini timachepa poyerekeza ndi mafuta obwezeretsera liwiro lotayikalo. Opanga galimoto akudziwa zimenezi. Porsche inaika njira yotere pa 911 ya 2011 ya giyabokosi ya PDK. Volkswagen ili nayo pa giyabokosi ya DSG mukasankha Eco. Audi A8 ya 2017, ya magetsi a 48V, imafika pozimitsiratu injini kwa masekondi okwana 40 ikuyenda pakati pa 55 ndi 160 km/h. Ma BMW ambiri a giyabokosi ya ZF ya magiya 8, ngati yanuyo, amachita zimenezi mukasankha ECO PRO, kayendedwe kosunga mafuta: mukachotsa phazi pa liwiro la pakati pa 50 ndi 160 km/h, giyabokosi imamasula injini yokha ndipo muvi umagwera pansi giya ikadali pa D. Onani m'buku la galimoto yanu, n'kutheka kuti chinthu chimene mukuvutika nacho ndi dzanja munachilipira kale pogula.

Kusiyana kwa kompyuta ndi dzanja lanu n'kwakukulu. Kompyuta imadziwa giya yoyenera liwiro limene muli nalo, ndipo mukangokhudza buleki kapena moto imalumikiza injini nthawi yomweyo, ma rev itawakweza kale kuti pasakhale kugunda. Ikaona kuti mtsetse wakula ndipo galimoto ikuthawa, simasula n'komwe. Inuyo pa N mulibe zimenezi. Lole ikatulukira mwadzidzidzi ndipo njira yopulumukira ndi kuthamanga, mudzaponda moto injini n'kungobangula galimoto osasuntha. Kenako dzanja lipite pa giya, maso atsike kukaona ngati D walowa, giyabokosi isankhe giya, turbo idzuke kuchokera pa 700. Pa 100 km/h sekondi iliyonse ndi mamita pafupifupi 28. Munagula galimoto yamphamvu kuti iziyankha mukaiitana, ndiye n'zodabwitsa kuimanga miyendo pamalo pomwe mungaifune kwambiri.

Za giyabokosi, anthu amakonda kuopsezana mopitirira. Kukankhira pa N kamodzi sikungaiphe. Pampu ya oyilo wa giyabokosi imazunguzidwa ndi injini, ndiye malinga ngati injini ikulira oyilo akuyenda, ngakhale kuti pa 700 akuyenda mochepa pamene zitsulo za kumbali ya matayala zikuzungulira pa liwiro la msewu. Chimene sindichikonda ndi kubwerera pa D muli pa liwiro, kambirimbiri tsiku lililonse. Nthawi iliyonse timaklachi ta m'kati timayenera kugwirana mbali ziwiri zikuzungulira mosiyana, ndipo kumeneko ndi kutha kopanda phindu. Choopsa chenicheni ndi cha amene amapitirira n'kuzimitsa injini pamtsetse. Pamenepo pampu ija yaima, buleki imauma mukaiponda kawiri katatu, chiwongolero chimalemera. Chimenecho musachiyerekeze.

Mabuleki ndiwo amene ndikufuna muwaganizire kwambiri. Galimoto ya makilogalamu 1,700 ikatsika phiri la mamita 300 imakhala ndi mphamvu yokwana ma megajoule 5 yoti itayidwe kwinakwake, yokwanira kuwiritsa malita 15 a madzi ozizira. Ina imapita ndi mphepo ndi matayala, koma yotsalayo, ngati injini siikuthandiza, yonse imathera m'ma disc ndi ma pad ngati kutentha. Mafuta a mabuleki a DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike 230°C, koma amayamwa chinyezi, ndipo akakalamba malirewo amatsika kufika cha m'ma 155°C. Akawira, m'mapaipi mumalowa nthunzi, ndipo pedulo imamira mpaka pansi osagwira kanthu. Lisanafike pamenepo mumayamba mwamva fungo lowawa la ma pad opserera, ndipo buleki imafuna kuti muiponde mwamphamvu kuposa kale. Mabuleki a galimoto zothamanga ndi aakulu, inde, koma ma disc ndi ma pad ake ndi odula kwambiri kuposa timafuta timene mukusaka. N'chifukwa chake mayiko ena analemba nkhaniyi m'malamulo. Highway Code ya ku Britain, lamulo 122, imachenjeza kuti kuyenda pa nyutulo kumachepetsa ulamuliro wa dalaivala pa galimoto, ndipo ku California gawo 21710 la Vehicle Code limaletsa kutsika mtsetse giya ili pa nyutulo.

Pamtsetse wautali chitani zosiyana ndi zimene mnzanu wanena: kokani ka paddle ka kumanzere (kotsitsira giya, kuseri kwa chiwongolero) kamodzi kapena kawiri, muvi ukwere kufika pa 2,500 kapena 3,000, injini igwire galimoto. Phokoso lisakuopseni, mafuta akadali otseka.

Pali chinthu chimodzi chokhudza galimoto zothamanga chimene chimasokoneza zonse ndanenazi. Zambiri mwa izo mukaziika pa Sport kapena Sport Plus, zimachita kuphulitsa ku ekizozi mukachotsa phazi. Kuthetheka kuja kumasangalatsa, koma ndi petulo. Kompyuta imasiya mwadala kutseka ma injector kwa kanthawi, n'kuchedwetsa moto wa mapulagi kuti mafutawo akapsere kunja kwa silinda. Sport imasunganso magiya apansi nthawi yaitali ndipo imaletsa kumasula injini kuja. Munthu amene akuyenda pa Sport tsiku lonse n'kumakankhira pa N pamtsetse akutunga madzi ndi dengu.

Tiyerekezenso kukula kwa nkhani yonseyi. Mtsetse wa mphindi 3 pa N umawotcha mamililita pafupifupi 50. Pa D ndi ziro. Kusiyana kwake n'kochepa kumbali zonse ziwiri, ndipo kuponda moto mpaka pansi kamodzi kokha pochoka pa maloboti kukhoza kufafaniza zonsezo. Mafuta a galimoto yanu akuthera kwina. Mphamvu ya mphepo yolimbana ndi galimoto imakula mofulumira kuposa liwiro: mukachoka pa 100 kufika pa 140 km/h imatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Akutheranso pa mabuleki, chifukwa nthawi iliyonse mukaponda buleki mukutaya liwiro limene munaligula. Mukaona loboti yofiira patali, chotsani phazi msanga giya ili pa D, mufike pamenepo ma injector ali otseka, ndipo kawirikawiri imasintha musanaime. Matayala osapopa mokwanira ndi maulendo afupiafupi injini isanatenthe zimadyanso kuposa mtsetse uliwonse, poti injini yozizira kompyuta imaipatsa mafuta ochuluka ndipo imachedwa kuyamba kutseka ma injector.

Pa maloboti, mutaima kale, N imachepetsako pang'ono katundu wa injini chifukwa torque converter, chipangizo cholumikiza injini ndi giyabokosi, sikukankhanso. Koma giyabokosi zambiri zatsopano zimamasula zokha mukaponda buleki mutaima, ndipo ngati galimoto yanu ili ndi stop-start, yozimitsa injini yokha mukaima, kuisiya yoyatsa kumapulumutsa zambiri kuposa N. Yesani matanki awiri pa Comfort kapena ECO PRO, dzanja osakhudza giya, mudzaze pa pampu imodzimodzi n'kugawa malita ndi makilomita nokha, kenako mundilembere zimene mwapeza.