Orchid yanu ichotseni m'dothimo

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake orchid ya Phalaenopsis yomwe munapatsidwa ikufota masamba chikhalirecho mukuithirira tsiku ndi tsiku. Vuto ndi madziwo ndithu, komanso dothi la kudimba lomwe mwaibzalamo. Kwawo ku Asia duwali limamera pa makungwa a mitengo, mizu ili pamtunda ikupitidwa mphepo, ndiye ikakwiririka m'dothi lonyowa imaola.

Izuleni lero lomwe. Mizu yamoyo imakhala yolimba, yotuwa ikauma, yobiriwira ikanyowa. Yofewa ndi yakuda muidule ndi lumo loyera. Kenaka muiike mumphika woboola pansi ndi m'mbali, wodzaza makungwa a paini osakaniza ndi tizidutswa ta makala. Ine ndimathirira kamodzi pa sabata, m'mawa, ndipo madzi akatsakamira pakati pa masamba ndimawapukuta ndi kansalu. Yanga yoyamba inaolera pomwepo, mtima unandiwawa masiku ambiri. Yanuyo ikhale pafupi ndi zenera loyang'ana kum'mawa, chifukwa dzuwa lamasana la Okutobala limawaula masamba.

Musataye mtima msanga, tsamba latsopano limachedwa kutuluka. Ikachira, kuzizira kwa usiku kwa mu Juni ndi Julayi n'kumene kudzaidzutse kuti itulutse phesi la maluwa.