Funsani za thanzi: bwanji mapulatileti osawasunga mufiriji?

Funso: Mwana wanga ali ndi khansa ya m'magazi. Akayamba kamfuno kapena kutuluka magazi m'nkhama amamuika timadzi tachikasu timene anamwino amati mapulatileti. Mwezi watha anatiuza kuti thumba lomwe linalipo latha masiku, alitaya, tidikire lina. Zinandiwawa kwambiri. Magazi ofiira aja ndimaona akuwatulutsa mufiriji ndipo akuti amatha mwezi ali bwinobwino. Nanga awa osawaika momwemo bwanji? Kodi si kusasamala kumeneku?
Mayi wa ku Chilomoni

Yankho: Mayi, pepani ndi matenda, mwanayo apeze bwino. Ine ntchito yanga ndi ya mu labotale ya magazi, ndipo ndisakunamizeni: amene anataya thumba lija anachita bwino, ngakhale kuti kwa inu zinali zowawa.

Mapulatileti ndi tizidutswa ting'onoting'ono tothothoka ku maselo aakulu a m'mafuta a m'mafupa. Munthu akavulala, ndi iwo amayamba kufika pabala, kumatirirana n'kutseka podutsa magazi. Ngakhale m'thupi la munthu wathanzi sakhalitsa, amangotha masiku 7 mpaka 10. Ndiye tikamawatenga kwa wopereka magazi, ena mwa iwo amakhala atakalamba kale.

Za firiji munaganiza bwino, ndipo kale madokotala ankachita zomwezo. Koma mu 1969 Scott Murphy ndi Frank Gardner a ku America anasonyeza kuti mapulatileti ozizidwa akalowa m'thupi sachedwa kuchotsedwa m'magazi. Kuzizira kumasintha khungu lawo, chiwindi n'kuwagwira ngati alendo. Kuyambira nthawi imeneyo amasungidwa pa madigiri 20 mpaka 24. Maselo ofiira alibe vuto ndi kuzizira: pa madigiri 2 mpaka 6 amatha masiku 35 kapena 42, malinga ndi mankhwala a m'thumba. Mapulatileti, masiku 5 basi, kapena 7 kumene kuli zida zoyezera mabakiteriya m'thumba lililonse.

Mukanalowa m'chipinda chathu mukanamva kaphokoso kosalekeza. Ndi kabati imene mashelefu ake amayenda uku ndi uku, usana ndi usiku, matumba atagona chafulati osasanjikizana. Pulasitiki ya matumbawo ndi yolola mpweya kulowa ndi kutuluka. Zonsezi n'chifukwa choti mapulatileti ndi amoyo, amapuma. Mukawasiya phee, okosijeni sawafikira onse, amayamba kuphwanya shuga m'njira yotulutsa asidi, madzi a m'thumba n'kuwawasa, iwo n'kufa.

Chovuta n'chakuti okosijeni yemweyo ndi amene amawadyanso pang'onopang'ono. Mkati mwa pulatileti muli timbali totchedwa mitochondria, mopangira mphamvu. Pogwira ntchito timataya tizinthu taukali tochokera ku okosijeni, ndipo tizinthuti timaluma mafuta ndi mapulotini a khungu la selo, monga momwe dzimbiri limadyera lata. Pulatileti ili ndi zodzitetezera zake, monga glutathione ndi catalase, zimene zimapha ukaliwo. M'thumba zotetezazi zimanka zichepa tsiku ndi tsiku pamene zowononga zikuchuluka. Kupendekeka kumeneku ndi kumene akatswiri amati oxidative stress. Ndipo popeza pulatileti ilibe phata lokhala ndi malangizo opangira zinthu zatsopano ngati maselo ena, siingathe kudzikonza mokwanira.

Zotsatira zake zimaoneka. Pulatileti yatsopano imakhala yaphwatalala. Yotopa imafufuma n'kukhala yobulungira, imataya tizingwe tina togwirira pabala, imatulutsa mankhwala ake nthawi isanakwane, ndiponso imaonetsa kunja chizindikiro chouza maselo odya zinyalala a m'kapamba ndi m'chiwindi kuti aimeze. Ife tisanapereke thumba timaliyang'anitsa powala, tikulifinya pang'ono. Likakhala labwino mumaona timafunde tonyezimira tikuzungulira mkati, chifukwa tizidutswa taphwatalala tija timabweza kuwala. Thumba lotopa limangooneka mbuu, lopanda timafunde. Kuyeza kumeneku sikufuna makina, koma kumanena zambiri.

Komabe chimene chimatiopsa kwambiri pa tsiku lachisanu ndi chimodzi ndi mabakiteriya. Kutentha kwa madigiri 22 amakukonda. Ochepa chabe ochokera pakhungu la mkono wa wopereka magazi akhoza kuswana m'thumba, ndipo kwa mwana amene chitetezo chake chafooka ndi mankhwala a khansa, thumba lotero likhoza kumupha msanga kuposa kamfuno uja. Apa ine sindinyengerera, ngakhale m'bale atandigwira mwendo.

Ofufuza akuyesa kuthira m'matumba mankhwala othetsa ukali wa okosijeni, monga N-acetylcysteine ndi vitamini C. Mu labotale zina zikuoneka zolimbikitsa, koma sizinafike pokhala zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku m'zipatala. (Pano ndikuchenjezeni: wina akakutsatsani mabotolo olembedwa antioxidant, dzina la mankhwala a mtundu umenewu, kuti akweza mapulatileti a mwana, musamupatse musanafunse dokotala wake, chifukwa ena amasokoneza mankhwala a khansa.) Firiji nayo yayamba kubwerera mwa njira ina. Mu 2023 bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, la FDA, linalola mapulatileti ozizidwa kusungidwa mpaka masiku 14 pothandizira anthu amene akutaya magazi nthawi yomweyo, ngati ena palibe. Kwa ovulala pangozi zimathandiza poti ntchito yake ndi ya pompopompo. Mwana wanu akufunika oti akhale m'magazi masiku angapo, ndiye ozizidwawo si ake.

Kwathu kuno masiku 5 aja amatha mofulumira. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, lili ndi malo ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka. Magazi akatengedwa amayenera kuyezedwa HIV, matenda a chiwindi a B ndi C, ndi chindoko, kenako apatulidwe, kenako ayende ulendo. Pofika kuwodi, tsiku limodzi kapena awiri apita kale. Opereka magazi ambiri ndi ana asukulu, n'chifukwa chake nthawi ya holide kumavuta. Ndipo thumba limodzi la magazi limatulutsa mapulatileti ochepa; munthu wamkulu amafunika ochokera kwa anthu angapo kuti alandire kamodzi.

Choncho abale ndi a kumpingo amene amakufunsani kuti athandize bwanji, auzeni azikapereka magazi nthawi ndi nthawi, osadikira tsiku la chipwirikiti. Funsaninso adokotala akuuzeni sabata imene mapulatileti amatsika kwambiri mwana akalandira mankhwala, kuti aitanitsiretu. Kunyumba musamupatse asipirini kapena burufeni, zimafooketsa mapulatileti ochepa omwe ali nawowo. Mukaona timadontho tofiira pamiyendo, chimbudzi chakuda, kapena akudandaula mutu kwambiri, thamangirani naye kuchipatala ngakhale ndi usiku.