Funsani a Zaumoyo: Kodi achemwali anga anenepadi mopyola muyeso?

Funso: Achemwali anga amakhala ku Indiana, ku America. Adokotala awauza kuti ali ndi vuto la kunenepa kwambiri, pomwe ife tikamaona zithunzi timati thupi lawakhala bwino. Akulemera mapaundi 190, msinkhu wawo ndi mafiti 5 ndi mainchesi 4. Amayeza bwanji zimenezi? — Mayi wa ku Chinamwali, Zomba

Yankho: Zikomo mayi. Adokotalawo sanaweruze ndi maso, awerengera BMI, muyeso woyerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake. Mumatenga makilogalamu n'kuwagawa ndi msinkhu wa m'mamita, yankholo n'kuligawanso ndi msinkhu womwewo. Kilogalamu imodzi ndi mapaundi 2.2, choncho achemwali anuwo akulemera makilogalamu 86, msinkhu mamita 1.63, ndipo BMI yawo ikupitirira 32. Munthu wamkulu amayenera kukhala pakati pa 18.5 ndi 24.9. Kuyambira 25 ndiye kuti thupi lapitirira, ndipo 30 kupita m'tsogolo ndi kunenepa komwe kumaitana matenda a shuga, BP ndi a mtima.

Kumeneko sali okha. Bungwe la CDC, loona za matenda m'boma la America, limati akuluakulu pafupifupi 4 mwa 10 alionse ku America ali ndi BMI ya 30 kapena kuposa, pomwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anali pafupifupi 13 mwa 100. Chakudya chimabwera chodzaza mbale, zakumwa zotsekemera n'zotchipa, ndipo ngakhale ulendo waufupi amayenda pagalimoto.

Komabe BMI sisiyanitsa mafuta ndi minofu. Mnyamata wa kabaza kapena wonyamula matumba mumsika wa Zomba akhoza kufika 27 alibe mafuta odetsa nkhawa. Sigwiranso ntchito kwa mayi woyembekezera kapena munthu wotupa miyendo, ndipo ana ali ndi matchati awoawo.

N'chifukwa chake ife timalimbikitsa kuyezanso mimba, poti mafuta oopsa kwambiri ndi okuta ziwalo zam'kati. Tengani tepi ya telala, muizunguze pakati pa nthiti yomalizira ndi fupa la m'chiuno, pakhungu penipeni osati pamwamba pa chitenje. Tulutsani mpweya mwachizolowezi, musakoke mimba, tepinso isathine. Mayi akapitirira masentimita 88, bambo 102, chiopsezo chimakhala chachikulu.

Pasikelo napo anthu amalakwitsa. Ikhale pasimenti posalala, chifukwa pamphasa kapena padothi imanama. Kwerani m'mawa musanadye, mutavula nsapato, ndipo muzigwiritsa ntchito sikelo imodzimodziyo nthawi zonse.

Kwathu kuno timayamikira munthu akanenepa, akaonda timayamba kunong'ona za matenda. Chonde musawafooketse achemwali anu akayamba kuchepa thupi. Atangotsitsa makilogalamu 4 mpaka 8, BP ndi shuga zimayamba kutsika. Inunso mukapita kuchipatala, pemphani akuyezeni BP, shuga ndi mimba, chifukwa mavutowa amayenda m'magazi a pabanja.