Yankho: agulugufe sanathe m'tauni

Achimwene, mwafunsa chifukwa chomwe pakhomo panu ku Lilongwe simuonapo agulugufe ambiri ngati kumudzi, chonsecho maluwa munabzala. Maluwa amadyetsa gulugufe wamkulu basi. Kuti aswane pamafunika chomera chomwe mbozi zake zimadya, ndipo mtundu uliwonse uli ndi chake.

Wamkulu wakuda wa madontho achikasu uja, Papilio demodocus, amaikira mazira pa masamba a mandimu, malalanje ndi nachesi. Mbozi zake zikadali zazing'ono zimaoneka ngati chitosi cha mbalame, ndiye ambiri amazipopera mankhwala osadziwa kuti akupha gulugufe yemwe akumufunayo. Woyera mobiriwira pang'ono, Catopsilia florella, amadalira keshya, n'chifukwa chake m'misewu momwe muli mitengoyi sasowa.

Ineyo ndimaona kuti chimene chimatiwonongera kwambiri ndi ukhondo wopitirira muyeso: kusesa bwalo mpaka mbee, kutentha zinyalala zonse, pena kuthira simenti paliponse. Siyani kangodya kamodzi kamere tchire, mandimuwo musawapopere. Mukafuna kuona mitundu yochulukirapo, kayendeni m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi nthawi ya dzinja, dzuwa likangotentha m'mawa.