Kupereka achinyamata kuti tipeze woponya: yankho kwa sapota wa Detroit

Achimwene, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani matimu a MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, akafika kumapeto kwa Julayi amapereka ma prospect (achinyamata oyembekezeka kudzakhala akatswiri) amene awalera okha, n'kutenga woponya mmodzi amene mwina kontrakiti yake ikutha Okutobala yemweyo. Mwanenanso kuti monga sapota wa Detroit Tigers simufuna n'kumva komwe za malonda otere chifukwa cha John Smoltz. Ululu umenewo ndikuumvetsa, koma mfundo yoti achinyamata asamaperekedwe sindikugwirizana nayo, ndipo umboni wanga wambiri ndiutenga ku timu yanu yomweyo.

Tiyambe ndi Smoltz yemweyo, chifukwa nkhani yake anthu amaifotokoza theka. Pa 12 Ogasiti 1987, Detroit inamutumiza ku Atlanta n'kulandira Doyle Alexander, mkulu wa zaka 36. Tsiku limenelo Smoltz anali ndi zaka 20, akusewera ku Glens Falls mu Double-A (ligi yaing'ono yolerera osewera), atapambana magemu 4 n'kuluza 10, ERA yake (avareji ya ma run, kapena kuti zigoli, amene woponya amalola; ikachepa ndiye bwino) ili pa 5.68. Pa draft ya 1985, pamene matimu amasankha osewera atsopano mosinthana, anamusankha mu raundi 22. Manambala akewo sankaonetsa munthu wopita ku Hall of Fame, kumene amalemekeza akatswiri opambana onse. Alexander atafika anayamba magemu 11, ndipo timu inapambana onse 11. Iye mwini anapambana 9 osaluza, ERA 1.53. Detroit inatenga gulu lake la AL East itaposa Toronto ndi magemu 2 okha, itaigonjetsa magemu atatu omaliza a sizoni. Muchotsepo Alexander pamenepo, Tigers ija ikanakhala pakhomo mu Okutobala, mwezi wa ma playoff, ndime zochotsana zolimbirana chikho.

Mbali yowawa ndi yoona. Mu ALCS, ndime yomaliza ya American League, Minnesota inawatulutsa, Alexander analuza magemu ake onse awiri, ndipo 1989 inali sizoni yake yomaliza. Smoltz anakapambana magemu 213, ma save 154 (magemu amene anatseka timu ikutsogola), mphoto ya woponya wabwino koposa ya Cy Young mu 1996, Hall of Fame mu 2015. Atlanta inapindula kwambiri, palibe angatsutse. Koma Detroit inalandira ndendende chimene inkafuna, ndipo sinabwererenso ku ma playoff mpaka 2006. Timu ya 1987 inali itakula, khomo linali pafupi kutsekeka. Ine ndikanakhala pa mpando wa bwana wa timu tsiku limenelo, ndi zomwe zinkadziwika tsiku limenelo, ndikanasaina.

Tsopano onani pamene Detroit inali yogulitsa. Pa 31 Ogasiti 2017 munapereka Justin Verlander ku Houston n'kulandira achinyamata atatu: Franklin Perez, Daz Cameron ndi Jake Rogers. Perez ndiye anali dzina lalikulu pa atatuwo. Kuvulala kunamutsatira chaka ndi chaka, ndipo sanaponyepo mpira n'kamodzi komwe mu ligi yaikulu. Cameron sanakhazikike. Rogers anakhala catcher (wowakha mipira ya woponya) wothandiza, basi. Verlander atafika ku Houston anayamba magemu 5 n'kupambana onse, ERA 1.06, anakhala MVP (wosewera bwino koposa) wa ALCS, timu inatenga chikho cha MLB cha World Series (chikho chimene chinadetsedwa ndi nkhani yoba zizindikiro za adani, ngakhale imeneyo inali ya omenya mpira osati oponya), kenako anatenganso Cy Young mu 2019 ndi 2022. Sapota wa Houston akanati mu 2017 "musakhudze ana athu", lero akanakhala ndi chiyani?

Ndipo mukumbukire Doug Fister, amene munamutenga ku Seattle mu Julayi 2011: anapambana 8, kuluza 1, ERA 1.79, ndipo mwa anayi amene anapita ku Seattle palibe anakhala katswiri. Chaka chotsatira munapereka Jacob Turner, woponya wachinyamata amene ankatamandidwa kwambiri, kuti mutenge Aníbal Sánchez ndi Omar Infante ku Miami. Munafika ku World Series ya 2012, ndipo mu 2013 Sánchez ndiye anali ndi ERA yabwino koposa mu American League yonse. Malonda awiriwa sitiwatchulatchula chifukwa palibe chotilirira. Timakumbukira mnyamata mmodzi amene anakula n'kukhala Smoltz, n'kuiwala khamu la anzake amene anathera m'mabasi a ligi yaing'ono ya Triple-A. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Prospect akanali pachala. Chigongono chikhoza kuduka n'kufuna opaleshoni ya Tommy John, chaka chathunthu kapena kuposa pamenepo chapita, kapena mpira umene unkasokoneza anyamata a Double-A omenya a ligi yaikulu amangouyang'ana.

Nanga n'chifukwa chiyani matimu amawaumirira chonchi? Ndi ndalama. Kwa amene mwazolowera mpira wamiyendo, kuno timu sigula wosewera ndi cheke ngati ku Ulaya, imasinthana munthu ndi munthu, choncho achinyamata ndiwo ndalama zogulira. Ndipo mnyamata akafika mu ligi yaikulu amakhala m'manja mwa timu kwa zaka 6 asanakhale mfulu yosaina ndi timu iliyonse. Zaka pafupifupi 3 zoyamba amalandira malipiro oyandikira otsikitsitsa, amene mu 2024 anali $740,000 pa chaka, pomwe woponya wodziwika amatha kulandira $30 miliyoni kapena kuposa. Timu yopanda thumba lalikulu ikapeza katswiri wotchipa kwa zaka 6 yapeza chuma chenicheni. Mfundo yanu apa ndi yolemera, ndipo sindikuipeputsa.

Kumbali inayo, woponya wobwereka, wa kontrakiti yotha chaka chomwecho, amene wabwera pa 31 Julayi amangoyamba magemu 10 kapena 11 sizoni isanathe. Pa magemu 162 zimenezo zikuoneka zochepa. Phindu lake lenileni lili mu Okutobala. M'sizoni timu imazungulira ndi oponya oyamba asanu, koma mu ma playoff, chifukwa cha masiku opuma, imagwiritsa atatu kapena anayi. Katswiri mmodzi amatha kuponya kawiri pa mndandanda wa magemu asanu. Mphamvu yake imakula nthawi yomwe gemu iliyonse ingakutumizeni kwanu.

Chitsanzo chimene chimandikhudza mtima koposa ndi CC Sabathia mu 2008. Milwaukee inali isanapite ku ma playoff kuyambira 1982. Pa 7 Julayi inamutenga ku Cleveland, aliyense akudziwa kuti chaka chikatha apita. Anayamba magemu 17, kupambana 11, kuluza 2, ERA 1.65, magemu 7 anawaponya yekha kuyambira inning (chigawo cha gemu) yoyamba mpaka yomaliza. Sizoni ikutha anavomera kuponya atangopuma masiku atatu, katatu motsatizana, munthu amene ankadikira kontrakiti ya moyo wake wonse ndipo dzanja likanaduka akanataya zonse. Tsiku lomaliza anamaliza gemu yekha motsutsana ndi Cubs, Milwaukee Brewers n'kulowa ma playoff. Philadelphia inawatulutsa msanga, Sabathia anapita ku Yankees pa $161 miliyoni, koma mzinda umene unadikira zaka 26 unaona Okutobala. Chinanso choti muone pa malondawa: dzina lalikulu limene Cleveland inalandira linali Matt LaPorta, ndipo sanaphule kanthu. Amene anakhala katswiri ndi Michael Brantley, yemwe dzina lake linangowonjezeredwa pambuyo pake. Ngakhale akatswiri olipidwa kuti aziona luso amalephera kudziwa kuti mwa achinyamata anayi amene adzakhale katswiri ndi uti.

Musandimve ngati ndikuti malonda aliwonse ndi abwino. Pali ena amene amandikwiyitsa mpaka lero, ndipo onse amafanana chinthu chimodzi: timu yapakatikati imadzinamiza kuti ili pafupi, n'kulipira mtengo wa katswiri pogula woponya amene si katswiri.

Pittsburgh Pirates mu 2018 inapambana magemu 11 motsatizana mu Julayi, mitima inakwera, ndipo pa 31 Julayi inapereka Tyler Glasnow, Austin Meadows ndi Shane Baz ku Tampa Bay kuti itenge Chris Archer. Archer anali ndi dzina, koma ERA yake inali itadutsa 4 mu 2016, mu 2017, ndiponso chaka chomwecho. Pirates inamaliza pa nambala 4 m'gulu lake. Mu 2019 ERA ya Archer inali 5.19 pomwe Meadows ankamenya ma home run (mipira yodutsa mpanda wa bwalo) 33 ku Tampa Bay. Dziwaninso kuti Archer sanali wobwereka, anali ndi zaka zotsala pa kontrakiti. Anthu amakonda kunena kuti woponya wa zaka zingapo ndiye wotetezeka, koma zaka zambiri za woponya amene akutsika sizipulumutsa munthu. Chicago White Sox inachita zofanana mu Juni 2016: inatenga James Shields wa zaka 34 n'kupereka mwana wa zaka 17 amene anali asanasewerepo gemu ya ligi iliyonse, Fernando Tatis Jr. Shields anamaliza chaka chimenecho ndi ERA 6.77 ku White Sox, timu n'kuluza magemu ambiri kuposa amene inapambana.

Oponya olowa mkati mwa gemu, a bullpen, ndiye samalani nawo kawiri. Boston mu 1990 inapereka Jeff Bagwell kuti itenge Larry Andersen, amene anawaponyera ma inning 22 m'sizoni. Dodgers mu 2016 inapereka Yordan Alvarez chifukwa cha Josh Fields. Munthu wa bullpen mumamuona ma inning 20 kapena 25 miyezi iwiri yonse, ndipo amene akuwala chaka chino chaka chamawa akhoza kuzimiririka. Malonda otere amodzi amene ndimawavomereza pa za baseball ndi a Cubs chaka chomwecho cha 2016, pamene inapereka Gleyber Torres kuti itenge Aroldis Chapman. Inali timu yabwino koposa mu ligi, isanatenge chikho kuyambira 1908, ndipo bowo lake linali limodzi lodziwika. Ngakhale apo, Chapman anamenyedwa home run yofananitsa ndi Rajai Davis mu gemu 7 ya World Series, Cubs isanapambane mu inning 10. Ndipo masapota ambiri sanasangalale kulandira munthu amene anali atangomaliza chilango cha magemu 30 pa nkhani ya nkhanza za m'banja. Madandaulo amenewo anali oyenera.

Malamulo asinthanso, ndipo akweza mitengo. Kuyambira 2019 kulibenso malonda a mu Ogasiti ngati aja a Alexander ndi Verlander, tsiku lomaliza ndi limodzi. Kuyambira 2022 matimu 12 ndiwo amalowa ma playoff, ndiye ambiri amadziona ngati akanali mu mpikisano, ogulitsa amachepa, ogula amachuluka. Komanso wosewera amene mwamutenga pakati pa sizoni akachoka simulandira draft pick yolipirira. Zonsezi zikutanthauza kuti woponya wamba masiku ano amagulidwa modula, ndipo m'pamene matimu amapsa.

Ndiye Tigers ikamatchulidwa m'mphekesera za Julayi, ine ndimayamba ndi kufunsa ngati timu ikutsogolera gulu lake kapena ikungothamangira malo omaliza a wild card, a matimu amene sanatsogolere gulu lawo. Kenako ndimafunsa ngati munthu akubwerayo mungamupatse mpira pa gemu yoyamba kapena yachiwiri ya ma playoff osachita mantha. Ngati ndi woti aziponya gemu yachinayi, musapereke mmodzi wa achinyamata anu awiri apamwamba. Ndimayang'ananso liwiro la mpira wake mwezi wathawu ndi mbiri ya dzanja lake, osati dzina limene anapanga zaka zitatu zapitazo. Zikagwirizana zonsezi, perekani mnyamatayo, ngakhale mtima ukuwawa.

Ndipo kugulitsa nakonso kuli ndi nthawi yake. Mu Julayi 2024 Detroit inatumiza Jack Flaherty ku Dodgers n'kulandira Trey Sweeney ndi Thayron Liranzo. Flaherty anaponya ma inning 7 osalola run mu gemu yoyamba ya NLCS, ndime yomaliza ya National League, Dodgers inatenga World Series. Inu munadzuka mu Ogasiti ndi Sepitembala, Sweeney akusewera pa shortstop, munalowa ma playoff n'kutulutsa Houston.